Mazira Amene Anakana Kuzizira

Sajeni anali ataonapo maliro ambiri pantchito yake yaupolisi, koma aukhondo chonchi anali asanawaonepo. Mazira anangoti ndandanda m'mathileyi mwawo, oyera bwino, ozizira ngati mphuno ya galu. Makina oswetsera anapiye anali yasa zitseko zonse ziwiri ngati nawonso adabwa.

"Afa onse," anatero mwini khola, bambo wa khosi lalifupi amene msewu wonse unkamutchula kuti Bwana Mazira. Pamkono pake panali pakadali pulasitala ya kuchipatala. "Chotenthetsera chinapsa dzulo, Lamulungu. Apa, pashelefu yapakatipa, panali thileyi ya amene amayembekezeka kuswa mawa lino. Yapita. Kachipangizo koyeza kutentha kapitanso. Chitseko sichinathyoledwe. Wakuba ndi uyo waima apoyo. M'mangeni, ine ndikapume."

Woima apoyo anali mkamwini wake, mwamuna woonda wa magalasi okhuthala, amene anakumbatira laputopu yotsekula pachifuwa ngati khanda la eni.

"Bwana, ine sindimanga munthu ndisanamufunse ngati wadzuka bwanji," anatero Sajeni. "Unyolo wanga ndi wakale, umakwiya ukamangidwa ndi kumasulidwa pafupipafupi. Umboni wanu ndi wotani?"

Bwana Mazira asanayankhe, foni inanjenjemera m'thumba mwake. Anaitulutsa n'kuikankhira pamphuno pa Sajeni.

*Kutentha kuli bwino. Mazira ali bwino.*

"Mwaona? Makina ali kukamwa yasa, mazira ali zii, koma chipulogalamu chakecho chikundiuza kuti zonse zili bwino. Dzulo lonse ndili gone kuchipatala ndi mtima wangawu, chimangondinyengerera chomwechi. Anachikonza dala kuti chiziname, iye akutuluka ndi thileyi yanga. Bweretsa kuno chinthucho ndichitseke!"

"Bambo, chonde," anatero mkamwini uja, n'kubwerera m'mbuyo. "Ndimangeni ngati mukufuna, koma musaitseke."

Sajeni anamuyang'anitsitsa. Akuba amene iye ankawadziwa ankapempha madzi, loya, kapena kuti akazi awo asauzidwe. Wopempha kuti umboni womupachika ukhalebe woyaka anali woyamba.

*

Anamutengera m'kachipinda kosungiramo chakudya cha nkhuku n'kumukhazika pathumba.

"Tandiuzani, a Magalasi. Koma mulankhule ngati mukuuza munthu amene sukulu anaisiya isanamutope."

Mkamwini anaika laputopu pamaondo. Atayamba kufotokoza za ntchito yake mawu anakhazikika.

"Pulogalamuyi ili ndi nkhope, iyi mukuionayi. Koma kumbuyo kwake ndinaikako kantchito kena koyenda pakokha, kosadikira kuti munthu adine batani. Pantchito yathu timati thiredi, ulusi wakumbuyo. Umagona. Nthawi ikakwana umadzuka, n'kufunsa kachipangizo kaja kuti kwatentha bwanji kumeneko. Kachipangizoko kali ndi simukhadi yakeyake, kamayankha kulikonse kumene kali. Ndiye ulusiwo umatumiza yankho ku foni ya bambo, n'kudzitchera nthawi yodzukanso, n'kugona."

"Kugona, kudzuka, kunena kuti zonse zili bwino, n'kugonanso," anatero Sajeni. "Achimwene, mwavutikiranji ndi sukulu? Ameneyo ndi mlonda."

Mkamwini anayesa kuseka, koma sizinatheke.

"Kusiyana kwake n'koti uwu sungapeke nkhani. Ukanakhala kuti unafa, mameseji akanasiya kubwera. Kachipangizo kakanakhala chete, ukanalira. Kutentha kukanatsika, ukanaimba belu pafoni ya bambo mpaka atadzuka. Ukunena kuti kuli bwino chifukwa wafunsa ndipo wayankhidwa. Kachipangizoko kali penapake pofunda, Sajeni, mpaka pano. Ndikatseka nkhopeyi, wakumbuyo amafera pomwepo, ndipo bambo sadzalolanso kuti ndiyatse."

"Makiyi a chipinda cha makina ali ndi ndani?"

"Bambo ndi ine."

"Dzulo masana munali kuti?"

"Kuchipatala. Pabenchi ya panja pa wodi. Mkazi wanga anali mkati ndi bambo akewo."

"Apongozi anuwo akuti sanakuoneni."

"Sindinalowe." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. "Dokotala anati asamaone kapena kumva chilichonse chowakwiyitsa. Ndiye ine ndinadziwerengera ndekha."

Sajeni anakanda chibwano. Benchi ya kuchipatala si mboni yabwino, imakhalidwa ndi anthu ambiri ndipo siyang'ana nkhope.

"Chikwati chanu anachilola?"

"Anabwera. Anadya." Anabwezeretsa magalasi. "Pulogalamuyi ndinawapangira ulere. Ndinkati mwina foni yawo ikamawauza uthenga wabwino tsiku lililonse, tsiku lina adzakumbuka amene anailemba."

Kunja kunamveka mawu a Bwana Mazira akufunsa ngati apolisi a masiku ano amalipidwa kuti azicheza.

*

Mlonda wa masana anali nkhalamba yaitali ya jekete lalikulu, imene inkayankha funso lililonse ikuyang'ana nsapato za wofunsayo.

"Ine, bwana, ndinali pageti."

"Tsiku lonse?"

"Geti silichoka, bwana, ndiye inenso sindichoka."

"Analowa ndani?"

"Mlendo sanalowe."

"Sindinati mlendo, agogo. Ndati ndani."

"Wakuba sanalowe, bwana. Wakuba ndikanamuona. Ndili ndi maso a usilikali."

"Mkamwini analowa?"

"Aja a magalasi? Ayi. Aja akalowa amandipatsa moni kawiri, polowa ndi pamene akumbuka kuti mwina sanandipatse."

"Ndiye thileyi inamera miyendo?"

Nkhalamba inasuntha maso kuchoka pa nsapato yakumanja kupita pa yakumanzere.

"Ine ndinalonjeza, bwana. Munthu wamkulu ngati ine akalonjeza, ndiye kuti walonjeza."

"Munalonjeza ndani?"

"Limenelonso lili m'kati mwa lonjezo."

Sajeni anamusisita paphewa. Mboni zonama ankazidziwa, zimalankhula kwambiri. Iyi inkangozungulira choonadi ngati munthu wozungulira chithaphwi atavala nsapato zatsopano.

*

Kutsidya kwa msewu kunali telala, mayi wa tepi m'khosi ndi mapini pakamwa, amene makina ake anayang'ana geti la khola. Sajeni sanafunikire n'kufunsa komwe.

"Ndimadziwa kuti mufika. Khalani apo, musakhalire diresi ya mkwatibwi. Ine Lamulungu sindisoka, achimwene, ndimangomaliza zimene ndinayamba Loweruka. Ndiye dzulo ndikumaliza, ndinaona amayi a pakholapo, akazi a Bwana Mazira. Amabwera Lamulungu lililonse akachoka kopemphera, kudzangosuzumira. Analowa bwinobwino, chikwama pamkono. Potuluka, ayi ndithu. Dengu lalikulu pachifuwa, lokutidwa ndi juzi yawo yomwe, akuyenda pang'onopang'ono ngati anyamula supu wodzaza mbale."

"Munawalankhula?"

"Ine ndingasiye? Ndinati, 'Amayi, odwala ali bwanji?' Anangogwedeza mutu. Koma chimene chinandipweteka ine ndi bulauzi. Ndinasoka ndine bulauzi imene ija, manja ake ndinawadula bwino. Koma iwo mkono wamanja anaumata kunthiti, gwa, ngati ndinawathinitsa m'khwapa. Minibasi anaimitsa ndi chibwano. Anthu akaona zotere amati telala ndi woipa."

"Mkono sanautukule?"

"Ngakhale pokwera. Kondakitala anachita kuwakankha kumbuyo."

Sajeni anayang'ana singano ikukwera ndi kutsika. Kenako anaika dzanja lake m'khwapa mwake, mkati mwa yunifolomu, n'kulisiya momwemo.

"Mwatani, achimwene? Nsabwe?"

"Ndikuyeza kanthu, mayi," anatero, n'kudzuka.

*

Anapeza mkamwini akadali pathumba paja.

"Dzira limafuna kutentha kotani kuti liswe?"

"Kofanana ndi pansi pa thadzi."

"Nanga munthu?"

"Munthu amachepera pang'ono, koma pang'ono kwambiri. Ndinauuza ulusiwo kuti kusiyana kochepa chotero usamadandaule nako." Anaima. Magalasi anatsetsereka pamphuno. "Sajeni, mukutanthauza kuti..."

"Sindikutanthauza kanthu. Ndani wina amadziwa mmene chinthu chanuchi chimagwirira ntchito?"

"Palibe. Ndinkafotokoza kunyumba kwa bambo tikudya, koma palibe amene ankamvetsera. Bambo ankawerenga nyuzipepala, mkazi wanga ankayasamula. Amayi okha ndi amene anandifunsa tsiku lina, akuchotsa mbale, kuti, 'Ndiye kakazizira kamaimbira bambo?' Ndinati inde."

"Mlonda wanu wa mulaputopuyu, mungamuchepetsere tulo? Kuti azidzuka pafupipafupi?"

"Ndingathe, osamuzimitsa. Ndingosintha nthawi yogona. Akadzuka ulendo uno aona nthawi yatsopano."

"Muzimudzutsa ngati mwana wa chimfine. Musachoke pano."

Panja, Sajeni anatambasula dzanja kwa Bwana Mazira.

"Foni yanu ndi umboni, ndiisunga ine. Komanso kuchipatala anakutulutsani liti?"

"Ananditulutsa ndani? Amati Lachitatu. Ine m'mawa uno ndavula machubu awo n'kubwera kuno. Anapiye akuswa mawa, ine ndizigona?"

"Kunyumba mwafikako?"

"Ndikatani? Mayi a kunyumba akudwala malungo kuyambira dzulo. Anatumiza uthenga kwa mwana kuti asavutitsidwe, foni anazimitsa."

"Tiyeni tikawazonde," anatero Sajeni. "Si bwino nyumba imodzi kudwala anthu awiri popanda wapolisi."

*

Makatani a kuchipinda anali otseka, ngakhale dzuwa linali pamutu. Amayi anagona chammbali, atafunda mabulangete atatu, nkhope yokha ili kunja, thukuta lili kamukamu pachipumi. Ataona mwamuna wawo pakhomo, maso anatuluka.

"Abambo! Mukutani kuno? Dokotala anati Lachitatu!"

"Dokotala saweta nkhuku."

"Khalani pansi msanga. Osati pabedi! Pampandopo."

Sajeni anavula chipewa n'kuima kumiyendo kwa bedi. Mabulangete anali atatukuka kutsogolo kwa mimba ya amayiwo, phiri lalifupi la makona. Pansi pa bedi panasuzumira mabotolo a madzi okulungidwa m'masokosi.

"Pepani ndi matenda, amayi. Ine ndine Sajeni. Ndangoperekeza bambowa."

"Zikomo, mwanawe. Ndi malungo chabe."

"Malungo a chaka chino ndi oopsa. Ena akumatupa nawo mimba ya makona anayi." Anathira madzi m'kapu imene inali patebulo n'kuwapatsira chakumanja, patali pang'ono. "Imwani, mwatuluka thukuta kwambiri."

Amayi anayang'ana kapu, n'kuyang'ana Sajeni. Milomo yawo inali youma mong'ambika. Anayesa kutulutsa dzanja lamanzere, koma anali ataligonera.

"Sindili ndi ludzu."

"Chabwino. Ndiye ndingokuuzani nkhani ndizipita. Kukhola kwabedwa thileyi. Bambowa akuti wakuba ndi mkamwini wanu. Ndikachoka pano ndikukamutenga, akagone m'chitokosi."

"Ndani? Mwana uja?"

Anadzuka ndi chigongono, mkono wamanja n'kutuluka m'bulangete kuloza mwamuna wawo.

"Inu abambo, mulibe manyazi? Mwana amene wakhala pabenchi tsiku lonse osadya, kuopa kuti nkhope yake ikukwezerani magazi?"

Kanthu kakang'ono ngati bokosi la machesi kanatsetsereka m'bulauzi, kanagunda m'mphepete mwa bedi n'kugwera pasimenti yozizira. Onse atatu anakayang'ana. Palibe amene anakatola. Patapita kanthawi, m'thumba la Sajeni munayamba kulira belu, lokwiya, losalekeza.

Amayi anatseka maso.

"Zimitsani chimenecho, chonde. Ndapanira kachinthuko m'khwapa usiku wonse kuti bambo asachimve."

Sajeni anazimitsa. Bwana Mazira anali atakhala pampando paja, dzanja lili pachifuwa, koma ankapuma bwino. Mkazi wake anamuyang'anitsitsa mpaka atatsimikiza, kenako anakweza bulangete pang'ono. Thileyi inali pamenepo, yotsamira pamimba pawo, yozunguliridwa ndi mabotolo ofunda ndi thaulo lonyowa.

"Ndinapeza makina akununkha waya wopsa," anatero motsitsa mawu. "Makiyi anu anali m'chikwama mwanga, munandipatsa nokha pokugonekani. Mazira anali atayamba kale kuzizira. Ndinayang'ana kachinthuko, ndinati aka kakangomva kuzizira kaimbira bambo, bambo azula machubu, athamangira kuno, agwera pamsewu. Ndinakaika m'khwapa ndisanaganize n'komwe. Kenako ndinati, onse sindingawathe, ndilibe mapiko. Ndinatenga amene anali pafupi kuswa."

"Bwanji osauza mkamwini?" anafunsa Sajeni.

"Akanauza mkazi wake. Mwana wanga uja nkhope yake ndi windo, bambo ake akanaona zonse asanatsekule pakamwa. Ndimati ndiwauze Lachitatu, ali ndi mphamvu, anapiye ali m'manja."

Bwana Mazira anatsekula pakamwa. Sajeni anakonzeka kumva za mathileyi ena onse amene anafa, za mlonda, za makiyi. Koma mawu amene anatuluka anali aang'ono, osamukwana munthu wa khosi lotero.

"Mwadya?"

"Ndikanadya bwanji? Ndikadzuka azizira. Ndimangothamanga kukatenthetsa madzi a m'mabotolo, mkono uli chomata."

"Kuyambira dzulo?"

"Musandiyang'ane choncho. Inu munagona ndi machubu, ine ndi mazira. Aliyense ndi wodi yake."

Sajeni anatola kachipangizo kaja, anakapukuta pa thalauza n'kukalowetsa pakati pa mazira. Ali chowerama anamva kaphokoso, kochepa ngati munthu akugogoda ndi chikhadabo pakhomo la eni. Dzira limodzi la pakona linali ndi kabowo, ndipo m'kabowomo munkasuntha kanthu kachikasu.

"Bwana," anatero, "katundu wanu wapezeka, koma akuoneka kuti akufuna kupereka sitetimenti yekha. Mlanduwu ndiulembe bwanji? Wakuba ndamupeza, ali pabedi panu."

"Musalembe kanthu."

"Nanga uja ndamusiya pathumba la chakudya cha nkhuku?"

Bwana Mazira anatambasula dzanja, Sajeni n'kumubwezera foni. Anaiyang'ana nthawi yaitali ngati nambala ya mkamwini yasamuka. Anaimba, ndipo itayankhidwa anakonza kukhosi kawiri.

"Ndine. Eya. Ayi, palibe akukumanga, usalankhule zopusa. Tamvera. Upite ukagule chotenthetsera china, ukudziwa saizi yake iwe. Ukachimange, uyatse makina, akafunda ubwere kuno udzatenge thileyi." Anaima kaye. Mkazi wake ankamuyang'ana osaphethira. "Ubwere ndi mkazi wako. Ndipo ukafika ulowe m'nyumba. Mabenchi kuno kulibe."

Anadula msangamsanga, kuopa kuthokozedwa.

Amayi anapukuta m'maso ndi ngodya ya bulangete, kenako anabwerera ku ukali wawo wa masiku onse.

"Makinawo afunda nthawi yanji?"

"Madzulo."

"Ndiye ine msana wandithera, ndipo ndikufuna kusamba. Dokotala anati inu muzigona, si choncho? Vulani nsapato."

Bwana Mazira anayang'ana Sajeni. Sajeni anapeza chinthu chochititsa chidwi kwambiri mkati mwa chipewa chake.

"Sajeni, izi zikamveka pamsewu..."

"Ine ndaona wodwala akugona pabedi pake, bwana. Si mlandu."

Bamboyo anavula nsapato, anamasula lamba, n'kukwera pabedi mosamala ngati akulowa m'bwato. Mkazi wake anasendera kumbuyo pang'onopang'ono, akugwirizira thileyi ndi manja awiri mpaka mimba ya mwamuna wawo italowa m'malo mwa yawo. Anamufunditsa mabulangete onse atatu n'kuwapinda kumsana.

"Ndigone chonchi?" anafunsa Bwana Mazira.

"Sunthirani pafupi. Mimba yonseyi mwaisunga zaka zonsezi, lero igwire ntchito." Anaima pakhomo, thaulo paphewa, mkono wamanja ukukanabe kutambasuka bwino. "Ndipo mukafuna kukwiya, mudikire ndibwere. Anapiyewa amamva."